Kusankha motherboard yodalirika ndi kulumikiza kompyuta yanu

Yambani mwasankha CPU (ubongo wa kompyuta), motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ibwere pambuyo, chifukwa CPU ndi imene imanena soketi yofunika. Ryzen 5 5600 imalowa mu soketi ya AM4 ndipo imayendera RAM (memory yogwirira ntchito) ya mtundu wa DDR4. Ma Ryzen 7000 amalowa mu AM5 ndipo amafuna DDR5 basi. Ma CPU a Intel a m'badwo wa 12 mpaka 14 amalowa mu LGA1700, koma apa m'pamene ambiri amaluzira ndalama: ma motherboard ena a soketi imeneyi ndi a DDR4, ena ndi a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa m'malo mwa inzake ngakhale mutaikakamiza.

Kugwirizana kwa soketi sikokwanira. Motherboard ya B450 (ya soketi ya AM4) imene yakhalitsa m'shopu ingakane kuyatsa Ryzen 5000 mpaka BIOS yake, pulogalamu ya mu motherboard yoyatsira kompyuta, itasinthidwa. N'chifukwa chake ndi bwino kugula yokhala ndi batani la BIOS Flashback, lomwe limalola kuika BIOS yatsopano kuchokera pa flash ngakhale CPU isanaikidwe. Ntchito imeneyi muziichita kompyuta ili pa UPS, chipangizo cha batire chopereka mphamvu magetsi akathima. Magetsi akazima ili mkati, motherboard ikhoza kufa osadzukanso.

Kenako yang'anani mozungulira soketi. Tizipangizo timene timachepetsa mphamvu ya magetsi opita ku CPU, totchedwa VRM, timatentha kwambiri. Motherboard yabwino imakhala ndi zitsulo zochindikala pamwamba pake zochotsa kutentha. Yopanda zitsulozi ingapirire CPU yaing'ono, koma mukaipatsa yaikulu liwiro limatsika ntchito ikachuluka. Magetsi okongola a RGB asakukopeni, sawonjezera kanthu. Ngati mukugula yakale, walitsani tochi m'soketi: pa Intel ndi AM5 timapini tili m'soketi momwemo, ndipo kamodzi kokha kopindika kangalepheretse RAM kuoneka.

Polumikiza, yambirani kunja kwa kesi, motherboard itakhala pa katoni yake. Ikani CPU potsata kachizindikiro ka ngodya zitatu pakona. Iyenera kukhala yokha popanda kukankha. Ngati muli ndi ma RAM awiri ndi mipata inayi, nthawi zambiri amalowa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku CPU, yolembedwa A2 ndi B2. Thermal paste, phala lopaka pamwamba pa CPU lothandiza kuchotsa kutentha, ikhale kadontho kamodzi kukula ngati njere ya nandolo, ndipo matulani kapulasitiki kamene kali pansi pa cooler, chipangizo choziziritsa CPU. Kakatsalira, CPU imatentha mpaka kompyuta kuzima yokha.

Mu kesi, onetsetsani kuti timiyendo tachitsulo tokhazikapo motherboard tikufanana ndi mabowo ake. Motherboard ya saizi ya ATX kawirikawiri imafuna timiyendo 9, ndipo kotsala pamalo olakwika kangachititse shoti pansi pake. Lumikizani nthambo ya mapini 24 komanso ya mapini 8 ya CPU pakona ya pamwamba, yomwe anthu amaiwala kawirikawiri. Musaisokoneze ndi ya graphics card (khadi lotumiza zithunzi ku sikirini), zimaoneka zofanana koma mawaya ake ndi osiyana.

Mukayatsa koma sikirini osaonetsa kanthu, musathamangire kubweza katundu. Ryzen 5 5600 ndi ma Intel othera ndi chilembo F alibe graphics yawoyawo, choncho HDMI iyenera kulowa pa graphics card. DDR5 nayo imatha kutenga mphindi zingapo poyatsa koyamba. Zikapitirira, onani kagetsi kamene kayaka ngati motherboard yanu ili ndi timagetsi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Kakayaka ka DRAM, zulani RAM ndi kuibwezeranso mpaka mutamva kuti yakhala.