Nthawi yoyenera kulipira mukamakayikira bluff pa poker ya pa intaneti

Anzathu ambiri a ku Mbare ndi ku Mufakose amene amasewera poker ya mtundu wa Texas Hold'em pa foni, pa matebulo a masenti 2 ndi 5, amaluza kwambiri pa khadi lachisanu komanso lomaliza kuikidwa patebulo, lotchedwa river, chifukwa mtima umawauza kuti winayo akungowaopseza alibe kanthu, zomwe zimatchedwa bluff. Kukayikira pakokha si chifukwa cholipirira, choncho yambani ndi masamu.

Tiyerekeze kuti pakati pa tebulo pali dola imodzi ndipo mnzanu waponyapo masenti 50. Mukalipira masenti 50, zonse zikwana madola 2, kutanthauza kuti muyenera kupambana kamodzi pa maulendo anayi otere kuti musaluze. Akaponya zofanana ndi zomwe zili pakati, pafunika kamodzi pa maulendo atatu. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, kodi munthu ameneyu amanamiza kawirikawiri chotero?

Kenako kumbukirani mmene wasewerera kuyambira pa flop, makhadi atatu oyamba kuikidwa patebulo. Ngati panagwa makhadi awiri a mtima, iye n'kumangolipira mwakachetechete, wachitatu osabwera mpaka pa river, ndiyeno mwadzidzidzi waponya zambiri, n'kutheka kuti amadikira flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) yomwe yamukanika ndipo akufuna kukuthamangitsani. Apa ngakhale peyala (makhadi awiri a nambala imodzi) yapakatikati ingakwanire. Koma ngati makhadi a mtimawo muli nawo ndinu, mwayi woti iye amawadikira wachepa, ndipo kulipira kwayamba kukayikitsa. Muonetsetsenso kuti zomwe muli nazo zingagonjetsedi bluff imeneyo, pakuti n'zopweteka kumugwira munthu bodza koma ndalama n'kupitabe kwa iye.

Chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi ndi khalidwe la munthuyo. Pa matebulo a ndalama zochepa, ambiri amakonda kulipira kuti aone makhadi kusiyana ndi kunamiza. Wosewera amene wakhala ola lathunthu akungotsatira ena, akadzakweza kwambiri pa river, tayani makhadi anu ngakhale akhale mapeyala awiri. Nthawi zambiri amakhala ali ndi chenicheni, ndipo ine zimandimvetsa chisoni kuona achinyamata akulipira pamenepa pongofuna kutsimikiza. Amene amaponya pafupifupi dzanja lililonse, makamaka ngati munamuonapo akuonetsa makhadi opanda pake, ameneyo ndiye womulipira. Lembani zimene mwaona pa wosewera aliyense, pakuti mawa simudzakumbukira. Pakakhala anthu atatu kapena anayi m'dzanja limodzi, bluff imachepa ndithu, popeza kuthamangitsa onse n'kovuta.

Musadalire kwambiri kuchedwa kapena kufulumira kwa mnzanu posankha. Ife a kuno ku Harare tikudziwa kuti munthu angachedwe chabe chifukwa netiweki yavuta kapena magetsi azima, ndipo winayo mwina akusewera matebulo anayi nthawi imodzi. Ndipo mukaona kuti mwalipira kawiri motsatizana chifukwa cha mkwiyo osati masamu, tsekani foniyo tsiku limenelo, makamaka ngati ndalamazo zayamba kukhudza za lendi.