Penti ya zitsulo za kunsi kwa boti

Boti lathu loyendera mphepo limakhala ku Monkey Bay, koma penti yoteteza zitsulo za kunsi kwake kuti pasamere ndere ndimakaisaka kuno ku Blantyre. Ndinadzionera ndekha: penti yokhala ndi kopa ikapakidwa pa aluminiyamu, chitsulocho chimadyeka m'madzi mpaka kuchita timabowo. Mtima unandipweteka.

Ndiye musanalipire, werengani chitini. Mukaona mawu akuti cuprous oxide, ndiye kuti muli kopa, chibwezeni pashelefu. Funani penti yokhala ndi zinc pyrithione kapena Econea, mankhwala opanda kopa oletsa zomera pa boti, yolembedwa kuti ndi ya aluminiyamu. Nyanja yathu ilibe mchere, chovutitsa kwambiri ndi ndere.

Palani chitsulo ndi sandipepa, chipukuteni chiume, muyambe mwapaka penti yoyambira (primer) ya epoxy, kenako pentiyo kawiri. Anode, kachitsulo komwe kamadyeka m'malo mwa zitsulo zinazo, musaipake ngakhale pang'ono, ndipo m'madzi athuwa ikani ya magnesium.