Zonyamula ndi Zofunsa Popita kwa Adokotala a Khansa ya M'magazi

Achimwene atapezeka ndi khansa ya m'magazi, gadiyani wawo ndinali ine. Ulendo woyamba ku chipatala cha Mzuzu Central tinatuluka osafunsa kanthu, mitu itaima. Pano ndimakonzekera dzulo lake.

M'jumbo ndimaika buku la kuchipatala, zotsatira zonse za magazi, ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba amene azakhali anabweretsa mobisa. Musawabise kwa adokotala, mankhwala ena amalimbana ndi kemo, mankhwala opha maselo a khansa.

Chachikulu ndi kope. Tsiku lililonse ndimalembamo ngati atentha thupi, atuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno, komanso mmene adyera. Mafunso ndimalemba atatu okha, lofunikitsitsa pamwamba: khansayi ndi yamtundu wanji, maselo oyera a m'magazi komanso maselo othandiza magazi kuundana ali pati, nanga akatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe tikonzekere masiku angati? Adokotala akamayankha, ine ndimalemba, achimwene amangomvetsera.

Timalawira, juzi ndi masiki zili pathupi, poti kuzizira kwa ku Luwinga, kumene kuli chipatalachi, m'mamawa sikusewera. Koma thupi likatentha kufika madigiri 38, musadikire tsiku la m'buku, thamangani nawo ngakhale usiku.