Mmene mungafotokozere osewera ndi makochi nkhani ya kadyedwe

Mukapatsidwa mpata wolankhula ndi timu za kadyedwe, musanatsegule buku lililonse funsani kuti amagula chakudya ndani, nanga amaphika ndani. Mnyamata wa timu ya m'dera sasankha ndiwo. Amadya zomwe mayi ake, mkazi wake kapena amayi ophikira timu amuikira. Ine ndimayamba kukhala pansi ndi akochi ndi msungichuma, chifukwa iwo akapanda kumva, osewera angokuomberani m'manja basi, mawa lake n'kubwerera ku tchipisi cha pachiwaya.

Akochi musawayambe ndi sayansi. Afunseni kuti, "Akochi, anyamata anuwa amayamba kufooka nthawi yanji?" Ambiri amayankha kuti chigawo chachiwiri chikafika pakati, miyendo imalemera, zigoli n'kumalowa. Apo ndiye polowera panu. Auzeni kuti thupi limasunga mphamvu yochokera ku nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa m'minofu ndi m'chiwindi. Akatswiri amaitcha glycogen, koma dzinalo litchuleni kamodzi kokha. Ili ngati thanki ya njinga yamoto ya kabaza: ndi yaing'ono, ndipo munthu akathamanga mwamphamvu kwa mphindi pafupifupi 90 imakhala itatsika kwambiri. Wobwera pabwalo atangomwa tiyi wopanda mkute wayamba ulendo ndi thanki ya theka.

Zikatero funso limadzibweretsa lokha, loti adye liti. Chakudya chokhutitsa chidyedwe maola atatu kapena anayi masewero asanayambe. Ngati mpira ukuyamba 2:30 masana, mbale zikhale zitatsukidwa pofika 11:30. Ndiwo zisakhale zonona kwambiri, poti mafuta amachedwa kugayika, ndipo nyemba zambiri tsiku limenelo ena zimawatupitsa mimba. Pakatsala ola limodzi, nthochi yakupsa kapena kapu ya thobwa ikwanira. Ndipo chakudya chachilendo sachiyesera tsiku la masewero.

Mabuku amalemba m'magalamu. Amati wosewera amafuna zomanga thupi zokwana magalamu 1.2 mpaka 2.0 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Masamu amenewo pangirani kunyumba. Mnyamata wolemera makilogalamu 65 akufuna magalamu cha m'ma 100, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Pamaso pa osewera lankhulani za usipa, matemba, nyemba, nandolo, mtedza, soya pieces ndi mkaka, ndipo tsindikani kuti zizipezeka pa chakudya chilichonse, osadikira nkhuku ya Lamlungu. Ambiri adaphunzira kale magulu asanu ndi limodzi a zakudya kusukulu kapena adawamva kusikelo ya ana, choncho mangani pamenepo.

Pa nkhani ya madzi ndiye ndimachedwapo, chifukwa apa munthu amatha kudzionera yekha. Bwerekani sikelo yoyezera anthu. Aliyense akwere asanayambe kuthamanga, atavala kabudula yekha, lembani. Akamaliza adzipukute thukuta, akwerenso. Kilogalamu imodzi yomwe yasowa ndi lita imodzi ya madzi yomwe yatuluka. Munthu akataya madzi opitirira 2 peresenti ya kulemera kwake, mphamvu ndi maganizo zimayamba kutsika. Kwa mnyamata wathu uja ndi makilogalamu 1.3 chabe. M'mwezi wa Okutobala, pa bwalo la ku Nchalo kapena ku Karonga, zimenezi sizichedwa. Mudzaona anyamata akuunjikana pa sikelopo, kusekana kuti uyu wasungunuka, ndipo amene amakana botolo uja ndiye amayamba kulifuna. Auzeni kuti pa kilogalamu iliyonse yotayika amwe pafupifupi lita imodzi ndi theka, pang'onopang'ono, limodzi ndi chakudya chokhala ndi mchere. Popanda sikelo, mkodzo ndiwo mboni: ukakhala wachikasu chodera, madzi achepa m'thupi.

Pali makochi ena akale omwe amakhulupirira kuti kumwa madzi pokonzekera masewero n'kufooka, kuti kumana ana madzi kumawalimbitsa. Ameneyo musamutsutse pamaso pa osewera ake. Mukamuchititsa manyazi, pakhomo pamenepo simudzapondanso. Mutengereni pambali, mumuonetse pepala la sikelo lija, kenako musiyeni iye alengeze yekha lamulo latsopano.

Atsikana a mpira wamanja ndi othamanga mitunda italiitali muwapatse nthawi yawoyawo, makamaka pakhale mayi woti amasuke naye. Msambo umachotsa ayironi (chinthu chofunika popanga magazi) m'thupi, ndipo wochepa magazi amapuma wefuwefu ngakhale alimbikire motani. Chiwindi, nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka zikadyedwa ndi zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe. Tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi kulowa bwino m'thupi, ndiye amwedwe nthawi ina. Mtsikana amene akungotopa kapena wasiya kusamba kwa miyezi ingapo apite kuchipatala akamuyeze. Imeneyo si ntchito yanu kapena ya akochi.

Sipalephera wina wofunsa za maufa omanga thupi a m'zitini omwe amawaona pa Facebook, kapena zakumwa zopatsa mphamvu za m'magolosale. Yankho langa limakhala lalifupi. Zakumwazo zadzaza shuga ndi caffeine (chinthu chothawitsa tulo chomwe chimapezekanso mu khofi), ndipo womwa madzulo tulo timamuthawa, chonsecho minofu imachira munthu akagona. Za maufawo, ena amapezeka ndi mankhwala oletsedwa omwe sanalembedwe pa chitini. Malamulo a WADA, bungwe la padziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero, amati wosewera ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya adadziwa kaya sadadziwe, ndipo mndandanda wa zoletsedwa umakonzedwanso chaka ndi chaka. Ndalama ya chitini chimodzi ingagule mazira a mwezi wathunthu.

Zonsezi musazikhuthule tsiku limodzi. Mphindi khumi pansi pa mtengo, anthu atatha kuthamanga, mfundo imodzi. Sabata ino madzi, sabata yamawa nthawi yodyera. Musanachoke, lozani mmodzi, makamaka kaputeni, anene m'mawu ake zomwe adye Loweruka likudzalo komanso nthawi yake. Akalephera, fotokozaninso mwa njira ina.