Momwe mungachepetsere nkhawa za mumzinda poyenda m'tchire ndi kuonerera zinyama

Mumzinda thupi silipuma kwenikweni. Hutala za magalimoto, foni yolira pafupipafupi, chipiringu cha anthu ndi magetsi owala usiku wonse zimalichititsa kukhala tcheru ngati kuti ngozi ili pakhomo. Zikatero mahomoni a nkhawa monga cortisol amachuluka, tulo timasowa, ndipo maganizo amangozungulira pa vuto limodzi. Kuyenda pakati pa mitengo kumathandiza ndithu, koma kuli ndi kayendedwe kake.

Choyamba, pezani malo apafupi. Anthu ambiri amadikira tchuthi kuti adzapite kutali, ndipo chaka chimatha asanapite. Paki ya mumzinda, m'mphepete mwa mtsinje kapena kaphiri ka kunja kwa tauni n'kokwanira, bola muzipitako kawirikawiri. Mu 2019 akatswiri a ku University of Exeter anaunika anthu pafupifupi 20,000 ku England, ndipo anapeza kuti amene ankakhala m'chilengedwe mphindi 120 pa sabata ndi amene ambiri ankanena kuti ali ndi thanzi labwino komanso mtendere wa mumtima. Zinalibe kanthu kaya unali ulendo umodzi wautali kapena timaulendo tingapo.

Chachiwiri, nyamukani mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, chifukwa ndi pamene mbalame ndi zinyama zambiri zimatakataka. Valani nsapato zotseka, tengani madzi, ndipo muuze wina kumene mwapita.

Chachitatu, foni. Musaisiye kunyumba poti ingakuthandizeni pangozi, koma itsekeni mawu n'kuiika m'chikwama. Zomvetsera za m'makutu zisiyeni.

Chachinayi ndicho chachikulu koposa: yendani pang'onopang'ono. Uwu si mpikisano ndipo palibe amene akuwerenga makilomita. Munthu wankhawa amayenda ndi mutu wodzaza, maso ali pansi, n'kudutsa nkhalango yonse osaona tsamba ndi limodzi lomwe. Ntchito yanu ndi kutulutsa maganizo m'mutu n'kuwaika pa zimene zakuzungulirani. Imani, mvetserani, ndipo muyese kusiyanitsa mawu amene mukumva: awa ndi a mphepo, awa ndi a mbalame, awo ndi a madzi. Gwirani khungwa la mtengo. Nunkhizani dothi. Maganizo akathawira ku ngongole kapena ku ntchito, ndipo adzathawadi, musadzikwiyire. Abwezereni pa chinthu chimodzi chimene mukuchiona. Mu 2015 ofufuza a ku Stanford University anapeza kuti anthu amene anayenda mphindi 90 pamalo a udzu ndi mitengo anachepetsa kulingalira zodandaulitsa mobwerezabwereza, pamene anzawo oyenda m'mbali mwa msewu wa magalimoto ambiri sanasinthe. Ku Japan boma linayamba kulimbikitsa mchitidwe wotere mu 1982, ndipo umatchedwa shinrin-yoku.

Chachisanu, khalani pansi pamalo amodzi kwa mphindi 20, osalankhula. Mukafika kumene, zamoyo zonse zimabisala. Mukadekha zimayamba kubwerera: buluzi pamwala, gologolo panthambi, mbalame kutsetsereka kudzatola chakudya. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali mankhwala enieni, chifukwa nyama yakutchire sungaiitane kapena kuifulumizitsa, umangoyenera kudikira, ndipo kudikirako n'kumene kumatsitsa mtima. Musanyoze zing'onozing'ono. Kafukufuku wa King's College London wa 2022 anasonyeza kuti kuona kapena kumva mbalame kumayendera limodzi ndi kumva bwino mumtima kwa maola angapo pambuyo pake.

Mukafuna kuona zikuluzikulu monga njovu, njati kapena mvuu, pitani kumalo osungirako zinyama ndipo muyende ndi mlonda wodziwa tchirelo. Nyama ikasiya zimene imachita n'kuyamba kukuyang'anitsitsani, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo modekha. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, kapena pakati pa nyama ndi mwana wake. Musadyetse anyani, chifukwa akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma. Njoka ipatseni njira. Mukafika kunyumba, fufuzani nkhupakupa m'miyendo.

Pomaliza, ikani tsiku ndi ola la ulendo wotsatira musanagone, ngati mmene mumachitira ndi msonkhano wa kuntchito. Ngati kuyenda nokha kukukuopsani, tengani mnzanu amene angathe kukhala chete.

Kuyendaku sikulowa m'malo mwa chipatala. Ngati nkhawa yakhala milungu ingapo, ikukulepheretsani kugona, kudya kapena kugwira ntchito, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo mwamsanga.