Mukamakoka kathirela ka kampingi kupita ku Nyika

Abale, katundu wolemera ngati zigubu za madzi muziika pansi, kutsogolo pang'ono kwa matayala a thirela, mukaunjika kumbuyo kamayamba kuvina mukathamanga, ife zinatichitikira tisanafike n'komwe pa Ekwendeni, ana kukuwa m'galimoto. Mafuta dzadzani pa Rumphi, ndi m'jerikani momwe. Tara akatha phwetsaniko matayala pang'ono, ndipo pa geti la Thazima lolowera ku Nyika imani mugwire mahabu (zitsulo zapakati zomwe matayala amamangidwapo) ndi dzanja, akaotcha ndiye kuti mabering akufuna girisi, manati mumangenso poti mabampu aja amamasula chilichonse. Mukapitiriza ulendo wa ku Karonga, potsetsereka Chiweta ikani giya yaing'ono osangodalira mabuleki. Koma msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia uja ndi thirela ayi ndithu, makona ake ndi othina kwambiri.