Momwe mungayendetsere OpenSim pa browser osaika kanthu pa kompyuta yanu

Kwa amene simukuidziwa, OpenSim ndi pulogalamu yaulere yochokera ku Stanford University, inatuluka mu 2007. Imamanga munthu wa mafupa ndi minofu mu kompyuta nkumawerengera kuti akamayenda bondo likupindika madigiri angati, m'chiuno mukugwa mphamvu zochuluka bwanji, mnofu uti ukukoka. Koma laputopu ikakhala yotopa, fan imangolira zinthu osayenda. Ndiye ntchito yolemetsayo tiisiyire makompyuta a Google, yanuyo ingokhala poonera basi.

Tsegulani colab.research.google.com (iyi ndi Colab, tsamba la Google loyendetsera mapulogalamu a Python pa makompyuta awo), lowani ndi akaunti ya Google, pangani notebook yatsopano (tsamba la timabokosi tolembamo malamulo). Mu kabokosi koyamba lembani !pip install condacolab, pansi pake import condacolab, kenako condacolab.install() nkudina Shift+Enter. Apa ambiri amatutumuka chifukwa Colab imazima nkudzukanso yokha ngati yagwa, ayi simunaononge kanthu, imatero kumene. Mu kabokosi kena lembani !conda install -c opensim-org opensim -y mudikire kamphindi. Mukalemba import opensim osaona zofiira ndiye zatheka. Ikakana, kawirikawiri ndi Python ya Colab yomwe sikugwirizana ndi OpenSim imene mukuikayo, yambani mwaona pamenepo.

Musanapite patsogolo lumikizani Google Drive, dinani kafoda kali kumanzereko muona batani lake. Izi ndikunenetsa chifukwa Colab ndi yoiwala zedi, yaulereyi siidutsa maola 12 ndipo mukangoisiya nthawi yaitali osaigwira imadzitseka, chilichonse chomwe sichili pa Drive chapita, ngakhale OpenSim yomweyo mawa muiikanso kachikena.

Pa Drive pakhale mafayilo awiri: model ya .osim (munthu wa mafupa ndi minofu uja) ndi .trc yomwe imasunga mayendedwe a timipira tonyezimira (ma marker) tomwe amamata pathupi pa munthu pomujambula. Ngati mulibe model yanu yambani ndi gait2392, ya miyendo ndi thunthu, dzinalo likunena degrees of freedom 23 (njira zomwe ziwalo zake zingasunthire) ndi zokoka za minofu 92. Ndondomeko yake yambani ndi ScaleTool kuti mafupa a model afanane msinkhu ndi munthu wanuyo, kenako InverseKinematicsTool ikupatseni ma angle mu fayilo ya .mot, ndipo ngati muli ndi data ya force plate (choyezera mphamvu yomwe phazi likuponda nayo pansi) pitirizani ndi InverseDynamicsTool yowerengera mphamvu za m'mfundo. Chida chilichonse chimawerenga kafayilo kake ka setup ka .xml, onetsetsani kuti maadiresi a mafayilo m'menemo akuloza ku Drive osati ku C: ya kompyuta ina.

Dziwiranitu kuti mu Colab simuona chigoba chija chikuyenda ngati pa OpenSim yoika pa kompyuta, muli manambala okhaokha, magirafu mujambula ndi matplotlib, chida cha Python chojambulira magirafu. Nchifukwa chake cholakwika sichioneka msanga. OpenSim imatenga Y kuti ndi m'mwamba pomwe makamera ambiri a mu labu amaika Z m'mwamba, ndiye mukapanda kutembenuza data, munthu wanu akhala akuyenda chogona koma pulogalamu nkutulutsabe zotsatira bwinobwino inu osadziwa. Jambulani kaye girafu ya Y ya marker ya pachidendene, izikwera ndi kutsika pafupi ndi ziro pa sitepe iliyonse. Inverse kinematics ikatha yang'ananinso marker error (kutalikirana kwa ma marker a pa model ndi a munthu weniweni), RMS yake (mtundu wa avareji) ikadutsa masentimita 2 bwererani ku ScaleTool mukakonze pomwe ma marker akhala pa model.